Kuzungulira popanda while: yankho kwa wophunzira OCaml

Funso

Ndinayamba ndi Python ndi C, ndipo pano ndikuphunzira OCaml pandekha. Chikundizunguza mutu n'chakuti m'mapulogalamu a anthu ena sindikuonamo `for` kapena `while`. Paliponse ndikungopeza function yaing'ono yobisika m'kati mwa inzake, yolembedwa `let rec loop` kapena `let rec aux`, yomadziitana yokha. Amaiikiranji m'katimo? Nanga nditayesa kuphatikiza manambala 1,000,000 a mu list, OCaml 4.14 inandiyankha kuti "Stack overflow during evaluation". Ndinalemba chonchi:

```
let rec phatikiza = function
  | [] -> 0
  | x :: otsala -> x + phatikiza otsala
```

Kodi ndiye kuti recursion, kudziitana kwa function kumeneku, ndi yosadalirika?

Yankho

Mwachita bwino kutumiza code yeniyeniyo, chifukwa vuto lanu lagona pa mzere umodzi wokha, wachitatuwo. Tifikapo, koma tiyambire pa zomwe mukuzidziwa kale.

Mu Python mukafuna kuphatikiza manambala kuyambira 1 mpaka n, mumalemba motere:

```
chonse = 0
i = 1
while i <= n:
    chonse = chonse + i
    i = i + 1
```

Yang'anitsitsani zomwe zikusintha pa ulendo uliwonse. Ndi ziwiri zokha, `i` ndi `chonse`. Koma `n` ali phee kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukazindikira zimenezi ndiye kuti ntchito yaikulu mwaimaliza, chifukwa mu OCaml zinthu zosinthazo ndi zomwe zimasanduka ma argument a function yam'kati, ndipo zosasinthazo zimatsala kunja:

```
let phatikiza_mpaka n =
  let rec zungulira i chonse =
    if i > n then chonse
    else zungulira (i + 1) (chonse + i)
  in
  zungulira 1 0
```

Tengani cholembera muitsatire pa pepala, n akhale 4. Tiyamba ndi `zungulira 1 0`, kenako `zungulira 2 1`, `zungulira 3 3`, `zungulira 4 6`, `zungulira 5 10`. Apa 5 waposa 4, ndiye function ibweza 10. Mukadalemba mmene `i` ndi `chonse` akusinthira mu Python muja, mukadapeza manambala omwewa, m'ndondomeko yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti mu Python mumafufuta nambala yakale n'kulembapo ina, pamene kuno simufufuta kalikonse: mumangoitana ulendo wotsatira n'kuupatsa manambala atsopano m'manja. Mzere womaliza, `zungulira 1 0`, ndi womwe ukuimira `chonse = 0` ndi `i = 1` aja. Dzina loti `loop`, `aux` kapena `go` lilibe mphamvu ina iliyonse, ndi chizolowezi chabe. Ine pano ndaitcha `zungulira` kuti muone kuti dzina lililonse limatheka.

Tsopano, amaiikiranji m'kati? Munthu amene akufuna kuphatikiza manambala mpaka 100 ayenera kungolemba `phatikiza_mpaka 100`. Alibe nazo ntchito zoti pali `i` woyambira pa 1 ndi `chonse` woyambira pa 0. Mukaika `zungulira` poyera, tsiku lina mnzanu adzaiitana ndi `chonse` woyambira pa 1, yankho lidzakhala lolakwika, ndipo compiler sidzadandaula chifukwa 1 ndi nambala monga 0. Ikakhala m'kati, khomo lolowera limakhala limodzi, ndipo mlonda wake ndinu. Phindu lina n'loti function yam'kati imaona zonse za function yoizungulira. Onani kuti `n` sitinamunyamule pa ulendo uliwonse, komabe `zungulira` ikumugwiritsa ntchito. Choncho wowerenga akangoyang'ana ma argument a function yam'kati, amadziwiratu kuti zosintha mu loop imeneyi ndi izi, palibenso zina. Kwa ine ichi ndiye chokoma chachikulu cha kalembedwe aka. Mu `while` yaitali ya mu C, mumafunika kuwerenga mizere yonse kuti mudziwe zomwe zikusinthidwa; kuno zalembedwa pa mzere woyamba.

Tibwere ku mzere wanu wachitatu uja.

Tiyerekeze kuti muli pa ukwati, mwambo wa perekani-perekani watha, ndalama zadzaza lichero. Wowerengera wanzeru amakhala ndi kope. Atola ndalama imodzi, awonjezera pa chiwerengero cha m'kope, atola ina. Nthawi ina iliyonse m'manja mwake muli zinthu ziwiri basi: lichero la zotsala ndi kope. Akatopa akhoza kupatsira mnzake lichero ndi kopelo, iye n'kumapita kwawo osatembenukanso, chifukwa palibe chomwe wasiya chosamaliza.

Function yanu ikuchita mwina. Munthu woyamba watola ndalama imodzi n'kuifumbata, kenako auza wachiwiri kuti, "Werengani zotsalazo, mukamaliza mundiuze kuti ndiwonjezerepo yangayi." Ndiye waima pomwepo kudikira. Wachiwiri naye atola yake, auza wachitatu mawu omwewo, n'kuima. Palibe angachoke mpaka lichero litatha, womaliza n'kunena kuti "ziro", mayankho n'kuyamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Ndalama zikakhala makumi awiri, palibe vuto. Zikakhala 1,000,000, ndiye kuti mukufunika anthu 1,000,000 oimirira mu holo imodzi, aliyense atafumbata kake. Holo imeneyo ndi yomwe imatchedwa stack, ndipo ili ndi malire. Pa Linux nthawi zambiri pulogalamu imapatsidwa stack ya 8 MB. Ikadzaza, mumalandira uthenga womwe munauona uja.

Choncho cholakwika si recursion ayi. Cholakwika ndi `x +` yemwe ali kutsogolo kwa `phatikiza otsala`. Kuphatikizako sikungachitike mpaka kuitanako kutabwerera, ndiye kompyuta iyenera kusunga `x` ndi malo obwererako. Mu `zungulira` muja, kuitana ndi chinthu chomaliza chenicheni; yankho la ulendo wotsatira ndi lomwenso lili yankho la ulendo uno, popanda choonjezerapo. Kuitana kotereku kumatchedwa tail call, ndipo compiler ya OCaml ikakuona siisunga chilichonse pa stack. Imangoika manambala atsopano m'malo mwa akale n'kulumphira kumayambiriro kwa function. Pofika pa makina, zomwe zimatuluka zimakhala ngati `while` ya mu C.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Gerald Sussman ndi Guy Steele anapanga chiyankhulo cha Scheme ku MIT mu 1975, ndipo mu 1977 Steele analemba mofotokoza kuti kuitana function pamapeto n'chimodzimodzi ndi `goto` yonyamula ma argument, motero sikuyenera kudya stack. Mpaka lero malamulo a Scheme amakakamiza aliyense wopanga Scheme yake kuti atero. OCaml, yomwe inatuluka ku INRIA ku France mu 1996, ndi ya m'banja la ML, lomwe Robin Milner anayambitsa ku Edinburgh m'zaka za m'ma 1970, ndipo nayo imachita zomwezo. Koma Python, komwe mwachokera, sichita zimenezi, ndipo n'zadala: Guido van Rossum, yemwe anapanga Python, anakana poyera mu 2009, mwa zina chifukwa kutero kumafufuta mndandanda wa ma function omwe munthu amauona pulogalamu ikagwa. Python imaimitsa recursion ikafika pafupifupi maulendo 1000, pokhapokha mutasintha malirewo. Ndiye mantha anu ndi omveka. Munawaphunzira m'chiyankhulo chomwe ali oyenera. Kungoti pano mwasamuka mudzi.

Function yanu ikonzeni motere:

```
let phatikiza manambala =
  let rec pita otsala chonse =
    match otsala with
    | [] -> chonse
    | x :: ena -> pita ena (chonse + x)
  in
  pita manambala 0
```

`otsala` ndi lichero, `chonse` ndi kope. Kuphatikiza kukuchitika tisanaitane, osati titabwerera.

Pali kachizolowezi kamodzi komwe ndimapempha aliyense amene ndikumuphunzitsa kuti akatenge msanga. M'kati mwa `pita`, dzina loti `manambala` likuonekabe. Dzanja likaterereka n'kulemba `match manambala with` m'malo mwa `match otsala with`, loop imangoyang'ana nambala yoyamba yomweyo mpaka kalekale, osatha, ndipo poti ndi tail call, ngakhale stack siidzadzaza kuti ikuchenjezeni. Ambiri amapewa zimenezi popatsa argument yam'kati dzina lomwelo la yakunja, `let rec pita manambala chonse`, kuti yakunjayo iphimbike ndipo isathekenso kuifikira mwangozi.

Simunafunse za `break`, koma ndikudziwa kuti mufika pomufuna sabata yomwe ino. OCaml ili nazo `for` ndi `while`, koma ilibe `break`, `continue` kapena `return` wotulukira pakati. Apa m'pomwe function yam'kati imaonetsa mphamvu zake. Tifune malo a chinthu mu array:

```
let malo_a chinthu a =
  let n = Array.length a in
  let rec funa i =
    if i >= n then None
    else if a.(i) = chinthu then Some i
    else funa (i + 1)
  in
  funa 0
```

Kodi `break` ali pati? Palibe, ndipo sakufunika. Mu `while`, loop imapitirira yokha ndipo inu mumachita kuiimitsa. Kuno loop imaima yokha, ndipo imapitirira pokhapokha mwaiitana. Mukapeza chomwe mumafuna, mumangobweza `Some i` osaitananso. Palibe zoika `found = true` kenako n'kumakayang'ana pansi. Komanso nthambi iliyonse ya `if` iyenera kubweza kanthu ka mtundu umodzi, ndiye compiler siingakuloleni kuiwala kunena chochita chinthucho chikasowa.

Nanga loop yomanga list yatsopano? Tinene kuti muli ndi mitengo ya katundu ndipo mukufuna yokhayo yoposa malire ena:

```
let zoposa malire mitengo =
  let rec pita otsala zosungidwa =
    match otsala with
    | [] -> List.rev zosungidwa
    | m :: ena when m > malire -> pita ena (m :: zosungidwa)
    | _ :: ena -> pita ena zosungidwa
  in
  pita mitengo []
```

Mzere wachitatu wa `match` ndi `continue` wanu: tapitirira osasintha zosungidwa. Koma chofunika kuchigwira ndi `List.rev`. List ya OCaml imalandira chinthu chatsopano kutsogolo kokha mosavuta, monga mmene mbale zotsukidwa zimaunjikidwira: yomaliza kuikidwa ndi yomwe ili pamwamba. Mukapereka `[500; 1200; 300; 2500]` ndi malire 400, zosungidwa zikhala `[2500; 1200; 500]`, ndiye pamapeto timazitembenuza kamodzi. Ophunzira ambiri amaona ngati kutembenuzako n'kutaya nthawi, n'kuyamba kulemba `zosungidwa @ [m]` kuti aziika kumapeto. Chonde musatero. Chizindikiro cha `@` chimakopera list yonse ya kumanzere nthawi iliyonse, ndiye pa zinthu 1,000 mudzakopera zinthu pafupifupi 500,000, ndipo list ikakula kakhumi ntchito imakula ka 100. `List.rev` imadutsamo kamodzi kokha basi.

Msampha womwe umagwira ngakhale anthu odziwa ndi wa `try`. Ine unandigwirapo. Ndinalemba kapulogalamu kowerenga fayilo mzere ndi mzere, ndipo pa mafayilo ang'onoang'ono omwe ndinkayesera kankayenda bwinobwino. Tsiku lomwe kanalandira fayilo yaikulu ya ntchito yeniyeni, kanagwa ndi stack overflow, ndipo ndinakhala nthawi ndithu ndikuyang'ana code yomwe m'maso mwanga inali yolondola:

```
let rec werenga mizere =
  try werenga (input_line ic :: mizere)
  with End_of_file -> List.rev mizere
```

Apa `ic` ndi fayilo yotsegulidwayo, ndipo `End_of_file` ndi exception, chizindikiro chomwe `input_line` imaponya fayilo ikatha. Mukaiona, kuitana `werenga` kukuoneka ngati chinthu chomaliza. Koma `try` ndi munthu woimirira uja. Wayala ukonde wogwirira exception, ndipo sangachoke mpaka zam'kati zitatha kuti aufunye. Mzere uliwonse wa fayilo ukuyala ukonde wake pamwamba pa unzake. Kuyambira OCaml 4.02 pali njira yoyera yolembera:

```
let mizere_yonse ic =
  let rec werenga mizere =
    match input_line ic with
    | mzere -> werenga (mzere :: mizere)
    | exception End_of_file -> List.rev mizere
  in
  werenga []
```

Apa ukonde waphimba `input_line ic` yekha. Pomwe tikuitana `werenga`, ukondewo wafunyidwa kale. Ndipo kuti musamadalire maso okha, OCaml kuyambira 4.03 imakulolani kulemba `(werenga [@tailcall]) (mzere :: mizere)`. Kuitanako kukapanda kukhala tail call yeniyeni, compiler imakuchenjezani. Ine ndimaika chizindikirochi pa loop iliyonse yomwe kukula kwake kumadalira zomwe munthu wina adzatumize.

Musachoke pano ndi maganizo oti function iliyonse iyenera kukhala ndi kope loyenda nalo. Ina siifuna n'komwe function yam'kati, chifukwa ilibe chobisa. Njira ya Euclid yopezera nambala yaikulu yogawa manambala awiri ndi chitsanzo chabwino:

```
let rec gcd a b =
  if b = 0 then a else gcd b (a mod b)
```

Kuchokera pa 48 ndi 18 tipita pa 18 ndi 12, kenako 12 ndi 6, kenako 6 ndi 0, yankho 6. Ma argument omwe woitana wapereka ndi omwewo akusintha, ndiye palibe chifukwa choikulunga m'kati mwa ina.

Komanso recursion yodikira ija siili yoletsedwa. Chomwe chimadzaza stack ndi kuya kwake, osati kuchuluka kwa ntchito. Mukamayenda mu binary tree yolinganizidwa bwino yokhala ndi zinthu 1,000,000, kuya kwake ndi pafupifupi 20 chabe. Anthu makumi awiri oimirira mu holo sasowetsa aliyense mpweya. Kukakamiza function yotereyi kuti ikhale ya tail call kumangoipangitsa kuvuta kuwerenga popanda phindu. List ndi yomwe imavuta, chifukwa kuya kwake n'kofanana ndi kutalika kwake.

Mukadzasamukira ku OCaml 5, yomwe inatuluka mu December 2022, mudzaona kuti function yanu yoyamba ija ikhoza kumaliza manambala 1,000,000 osagwa, chifukwa kumeneko stack imayendetsedwa ndi OCaml yokha ndipo malire ake ndi aakulu kwambiri. Zisakunamizeni kuti vuto latha. Holo yakula, koma anthu akuimirirabe, ndipo aliyense akudya malo mu memory. Palinso `[@tail_mod_cons]`, yomwe inabwera mu 4.14, yolola function yomanga list kulembedwa mwachindunji popanda `List.rev` koma osadzaza stack. Imeneyi muisiye kaye mpaka njira wambayi itakhazikika m'manja.

Tsopano ndinene maganizo anga pa nthawi yoyenera kulemba `let rec` yam'kati, chifukwa ophunzira akangoidziwa amafuna kuiika paliponse. Zitsanzo ziwiri mwa zomwe ndakupatsani, pa ntchito yeniyeni sindingazilembe chonchi. Kuphatikiza ndi mzere umodzi: `List.fold_left (+) 0 manambala`. Kusankha mitengo ndi `List.filter (fun m -> m > malire) mitengo`. Ndipo `List.fold_left` mukaitsegula m'kati mupeza loop yomweyi ya lichero ndi kope, yolembedwa kale ndi kuyesedwa ndi anthu ambiri. Wowerenga akaona `filter` amadziwa nthawi yomweyo chomwe mukuchita, pamene akaona `let rec` ayenera kuiwerenga yonse kuti atsimikize. Function yam'kati ndimaisungira malo omwe zida zimenezi sizikwanira: pomwe ndikufuna kutuluka pakati, pomwe zosintha zili zitatu kapena zinayi, pomwe ndikuyenda m'ma list awiri pa liwiro losiyana monga pophatikiza ma list osanjidwa kale, kapena pomwe sindikudziwiratu kuchuluka kwa maulendo, monga mu binary search. Ndipo ngati mukungodzaza array kapena kusindikiza mizere khumi, lembani `for i = 0 to n - 1 do ... done` ndi mtima woyera. Ili m'chiyankhulomo kuti igwire ntchito, ndipo olemba OCaml odziwa amaigwiritsa ntchito.

Luso limeneli silithera mu OCaml mokha. Mu Scheme mudzaona `(let loop ((i 1) (chonse 0)) ...)`, yomwe imalemba dzina la loop ndi manambala oyambira pamalo amodzi. Olemba Haskell amakonda kutcha function yam'katiyo `go`. Clojure, poti imayenda pa JVM, pulogalamu yoyendetsera Java, yomwe payokha siichotsa ma tail call, ili ndi `loop` ndi `recur`, ndipo `recur` mukamuika pamalo pomwe si pomaliza, pulogalamu imakanidwa isanayambe n'kuyenda komwe. Scala ili ndi `@tailrec` yogwira ntchito ngati `[@tailcall]` ija. Mu Erlang, seva imatha kukhala function yomwe imalandira uthenga, kuukonza, n'kudziitananso, miyezi ndi miyezi osaima.

Chochita madzulo ano ndi ichi. Tengani ma `while` atatu omwe munalembapo mu Python kapena C. Pa iliyonse, lembani pambali mayina a zinthu zomwe zikusintha; amenewo ndiwo ma argument anu. Funso loimitsira loop lisanduke `if` kapena `match` yoyamba, ndipo pa kuitana kulikonse dzifunseni ngati pali chomwe chikudikira kuti kuitanako kubwerere, kaya ndi `+`, kaya `::`, kaya `try`. Kenako bwererani ku `phatikiza` yokonzedwa ija muiyese ndi list yomwe inakugwetsani:

```
phatikiza (List.init 1_000_000 (fun i -> i + 1))
```

Pa kompyuta ya 64-bit muyenera kuona 500000500000, pa OCaml 4.14 yomweyo, osasintha malire a stack.